Kapinga watha pakhomo: ndifese mbewu, ndidzale wa m'thumba kapena ndiyale zigamba?

Make Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za kapinga. Bwalo la kutsogolo kwa nyumba, ku Lilongwe kuno, ndi mamita 12 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Kapinga amene analipo watha, wangotsala apo ndi apo, pena pamera dawe, pena ndi dothi lokhalokha lolimba gwa. Dothi lake ndi katondo. Mbali imodzi kuli mtengo wa mango, mthunzi wake umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalolo. Madzi ndi a pampopi, olipira pa mita, ndipo ana amasewerapo tsiku lililonse. Ndikufuna kudzalanso mvula ikamayamba. Ndigule mbewu ya m'paketi, kapinga wa m'matumba kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, kapena wa zigamba uja wodulidwa ndi dothi lake amati instant lawn?

Wakapinga: Mayi, musanatulutse ndalama onani kaye ngati wafadi. Mwezi uno wa Okutobala kapinga wathu wamba amauma n'kuoneka ngati wapita, koma pansi ali moyo. Kumbani ndi khasu malo atatu kapena anayi. Mukapeza timizu toyanga toyera, tolimba, tokana kuthyoka, ameneyo akugona chabe. Ngati n'tofumbwa, takuda, tongosasatuka m'manja, wafa. Njira ina: sankhani malo a sikweya mita imodzi, muzithirapo ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata kwa masabata awiri. Akaphukira, ndiye kuti mbali imeneyo ikungofuna kugaula pang'ono, manyowa ndi mvula.

Chachiwiri n'kupeza chomwe chamupha. Kudzala watsopano pa vuto lomwelo n'kutaya ndalama kawiri. Kawirikawiri zimakhala izi: dothi kugangatala chifukwa cha mapazi kapena matayala a galimoto, mthunzi, chiswe, mbozi zoyera zopindika zija zimadya mizu pansi, kutchetcha mpaka dothi kuonekera, kapena zidutswa za njerwa ndi simenti zomwe amisiri anakwirira pomanga. Tengani chitsulo chosongoka, mulase pansi mutathira madzi. Chikakana kulowa masentimita 10, vuto ndi dothi, osati mtundu wa kapinga.

Make Tadala: Ndakumba. Kumbali ya dzuwa timizu tamoyo tilipo koma n'tochepa kwambiri, dawe ndiye wambiri. Pansi pa mango palibe chilichonse. Chitsulo chikulowa mwina masentimita 5 basi, ndipo ndapeza zigumu za simenti.

Wakapinga: Basi, yambaninso bwalo lonse. Pamenepo kungodzala m'malo mofa mokha sikungathandize.

Wa ku Joni: Ndiyankhe za mbewu ya m'paketi, poti yambiri imachokera kuno ku South Africa ndipo anthu amapusitsidwa ndi chithunzi chobiriwira cha pa paketipo. Tembenuzani paketi muwerenge mayina a udzu umene uli mkatimo. Mukaona ryegrass, tall fescue kapena Kentucky bluegrass, umenewo ndi udzu wa kumaiko ozizira. Umamera msanga, ryegrass pasanathe sabata waoneka kale, ndipo mu Juni ndi Julayi umakongola zedi. Koma ryegrass ndi tall fescue sayanga, amamera m'timagulu. Pakafa malo, pamakhala dazi mpaka mutafesaponso. Ndipo dzuwa la Okutobala ndi Novembala ku Lilongwe, mukangophonya kuthirira masiku ochepa, umapserera osadzukanso. Umafunanso mbewu yambiri, magalamu 30 mpaka 40 pa sikweya mita, ndiye pa bwalo lanu la masikweya mita 120 ndi makilogalamu 4 kapena 5.

Mbewu yoyenera nyengo ya kwathu ndi ya Bermuda, pena amalemba kuti Cynodon dactylon, amene ndi mtundu womwewo wa kapinga wathu wamba, kapena ya kikuyu. Kapinga wina wotchedwa buffalo alibe mbewu yogulitsa yodalirika, amadzalidwa ndi zidutswa kapena zigamba basi. Wina wotchedwa LM, ena amati Berea, mbewu yake imapezeka koma ndi yodula ndipo imachedwa kumera.

Amene akuganiza zotumitsa mbewu kuchokera kunja akumbukire kuti kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo.

Bambo a Yamikani: Kuwonjezera pa zimene anena achimwene a ku Joniwo. Mbewu ya Bermuda ndi yaing'ono kwambiri, ndipo anthu ambiri amaipha poikwirira. Isalowe pansi kupitirira theka la sentimita. Muyezo ndi magalamu 5 mpaka 10 pa sikweya mita, ndiye kumbali yanu ya dzuwa, masikweya mita 90, mukufuna magalamu pafupifupi 700. Sakanizani ndi mchenga wouma wosefa, gawo limodzi la mbewu ku magawo khumi a mchenga, kuti dzanja lizimwaza mofanana. Gawani pawiri, theka mumwaze mukuyenda cha m'litali, theka linalo cha m'lifupi. Kenako dutsitsani reki mopepuka n'kupondaponda. Imamera pakati pa masiku 7 ndi 14 ngati ili yochotsa makoko ndipo dothi lili lofunda. Kikuyu amatha kutenga masabata awiri kapena atatu.

Vuto lake lili apa. Masabata atatu oyamba pamwamba pa dothi sipayenera kuuma ngakhale tsiku limodzi, ndiye kuthirira mowaza kawiri kapena katatu pa tsiku. Mbewu ikayamba kutupa n'kuuma, yafa. Komanso mvula yathu yoyamba imabwera ndi mphamvu, imakokolola mbewu yonse n'kukaiunjika pakona potsika. Nyerere zimatuta, nkhuku ndi mpheta zimatola. Ndipo pa bwalo limene pali dawe, daweyo amamera msanga kuposa kapinga wa mbewu, amamutchinga asanaime. Kwa ine, pa bwalo limeneli mbewu ayi.

Amene wagula kale paketi ayese kaye: njere 50 pa kansalu konyowa, m'mbale yovundikira, malo ofunda, masabata awiri. Zikamera zosakwana theka, mbewuyo yagonera m'sitolo.

Nachisale: Ndikuvomereza. Wa m'matumba ndiye njira imene imagwira pa makomo ambiri kuno, chifukwa mukudzala chomera chokhwima kale chimene chazolowera nyengo yathu. Koma thumba limodzi lisadzalidwe bwalo lonse. Bwalo la mayiwa ndi malo awiri osiyana.

Kumbali ya dzuwa: kapinga wamba wa masamba ang'onoang'ono. Amayanga pamwamba komanso pansi pa dothi, n'chifukwa chake ana akamupondaponda amadzikonza yekha, ndipo chilimwe chikamuumitsa amadzuka ndi mvula yoyamba. Amafuna dzuwa la maola 6 kupita m'tsogolo. Pamthunzi amatalika, kuwonda, kenako kutha.

Kumbali ya mango: LM kapena buffalo. LM ali ndi masamba ofewa obiriwira mowala, amapirira mthunzi kuposa onse amene atchulidwa pano, koma safuna kupondedwa kwambiri. Buffalo masamba ake ndi otambalala, okhuthala, amayenda pang'onopang'ono koma akatseka watseka, udzu wina sulowerera. Onse awiri amayanga pamwamba pokha. Wotchetcha akangowameta mpaka pansi ndi chikwakwa, palibe chotsala m'dothi choti chiphukire.

Ndinene chilungamo pa mango: pafupi ndi tsinde penipeni, pomwe dzuwa silifika konse, palibe kapinga amene angakhale. Ngakhale LM amafuna dzuwa la maola atatu kapena anayi, kapena kuwala kodutsa m'masamba tsiku lonse. Sadzani nthambi za m'munsi kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizilowa, ndipo mita imodzi ndi theka kuzungulira tsinde musadzalepo. Ikanipo miyala ing'onoing'ono kapena masamba owola, muzungulize njerwa.

Malume a ku Mzuzu: Bwanji mukumusiya kikuyu? Amatseka msanga kuposa onsewo, ndi wofewa, ana akagwa savulala, ndipo mu Juni amakhala wobiriwirabe pamene kapinga wamba wafiira.

Wakapinga: Malume, kwanuko n'zoona. Kikuyu kwawo ndi kumapiri a kum'mawa kwa Africa, ku Kenya ndi maiko oyandikana nako, amakonda malo okwera, ozizirira, a mvula yambiri ndi nthaka yachonde. Ku Mzuzu, Dedza, Thyolo, Mulanje amasangalala. Ku Lilongwe amakula ndithu, koma kuti akhale wobiriwira kuyambira Ogasiti mpaka Novembala amamwa madzi ambiri, ndipo mayiwa anena kuti madzi ndi a pa mita. Kuonjezera apo, nthawi ya dzinja amafuna kutchetcha sabata iliyonse, amalowa m'mabedi a maluwa, amakwera mpanda, amatulukira m'ming'alu ya khonde. Amaunjikanso udzu wakufa pansi pa masamba mpaka poponda pamachita fwofwofwo, madzi osalowa pansi, ndipo chiswe chimapeza chakudya pomwepo.

Malume a ku Mzuzu: Zolowa m'mabedizo kapinga wamba nayenso ndi katswiri. Musamuyeretse.

Wakapinga: Pamenepo mwanena zoona. Onse awiri amafuna malire okumbira pansi: njerwa zoimika kapena konkire wolowa m'dothi masentimita 20 mpaka 30. Njerwa yongogoneka pamwamba amaidutsa pansi. Malire omwewo aikidwenso pakati pa kapinga wa padzuwa ndi LM, apo ayi wa padzuwayo amalowerera mpaka pomwe mthunzi wamuletsa.

Make Tadala: Nanga wa zigamba uja? Ndimaona ngati ndi wosavuta, kungoyala basi.

Wa ku Joni: Kuyala kwake n'kosavuta, koma dothi la pansi limafuna kukonzedwa chimodzimodzi. Anthu amayala zigamba pa dothi logangatala, masabata atatu oyamba n'kumaoneka bwino chifukwa cha dothi lomwe zabwera nalo, kenako n'kuyamba kufa chifukwa mizu yalephera kuboola pansi.

Ubwino wake: bwalo latsekeka tsiku lomwelo, mvula siikokolola, dawe amavutika kutulukira, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi ana ayamba kusewerapo. Pa malo otsetsereka ndiye njira yabwino kuposa zonse, mumangokhomerera zigambazo ndi tizikhomo ta mtengo.

Kuipa kwake ndi mtengo ndi mayendedwe. Mugula masikweya mita 120 onse, kuonjezerapo 10 a zodula m'mbali, ndipo katundu ameneyo ndi wolemera matani awiri kapena kupitirira, si wa pa njinga. Ayalidwe tsiku lomwe wadulidwa, akachedwa mawa lake. Akakhala pamulu amatentha mkati n'kuchita chikasu. Musalole kuti adule dothi lanu lisanakonzeke. Poyang'ana zigamba, dothi lake likhale la masentimita awiri kapena atatu, mukanyamula mbali imodzi chisasweke, ndipo tembenuzani muone pansi ngati mulibe timbatata ta dawe kapena mbozi.

Poyala, nyowetsani dothi pang'ono, yambirani mbali yowongoka monga m'mphepete mwa khonde, ndipo muziyala ngati mmene amamangira njerwa, polumikizira pa mzere uwu pasayang'anane ndi pa mzere winawo. Zigundane bwino koma zisakwerane. M'mipata thirani mchenga wosakaniza ndi manyowa osefa. Kenako gubuduzanipo mgolo wothira madzi theka kuti pansi pasatsale mpweya, n'kuthirira mpaka madzi adutse chigamba alowe m'dothi la pansi. Tsiku lililonse kwa masabata awiri. Pa tsiku la 10 mpaka 14 kokani kona imodzi. Ikakana kunyamuka, mizu yagwira.

Bambo a Yamikani: Pali njira ya pakati imene imapulumutsa ndalama zambiri. Gulani zigamba zochepa, muzidule ndi chikwanje m'tizidutswa ta masentimita 10 mbali zonse. Sikweya mita imodzi imatulutsa tizidutswa 100. Mukadzala motalikirana masentimita 30, pa sikweya mita pamalowa 11, ndiye chigamba cha sikweya mita imodzi chimadzala masikweya mita 9. Bwalo lonse la mayiwa lingafune masikweya mita 14 okha m'malo mwa 130. Kwa buffalo ndi LM imeneyi ndiyo njira yabwino, chifukwa kachidutswa kokhala ndi dothi lake sikafota ngati chingwe chozula. Pamthunzi fupikitsani, masentimita 20, chifukwa kumeneko amayenda mochedwa. Pa mpata umenewo pamalowa 25 pa sikweya mita.

Nachisale: Kadzalidwe ka wa m'thumba, poti ambiri amangomwaza n'kukwirira. Gulani wozulidwa tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Pisani dzanja pakati pa thumba, mukamva kutentha kapena fungo la chuku musiyeni. Khuthulani pamthunzi, wazani madzi, ndipo khalani pansi musankhe. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa koma ndi yomwe imasiyanitsa bwalo labwino ndi loipa. Chotsani dawe yense, amadziwika ndi tsinde la makona atatu ndi timbatata ta kunsi, chotsani khovani, ndi udzu wina uliwonse wosafanana ndi umene mwagula. Wogulitsa akakhala kuti wazula kudambo kapena m'mbali mwa msewu, thumba limodzi mumakhala mitundu itatu.

Dulani zingwe za kapingayo masentimita 15 mpaka 20, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi, poti mizu imatuluka pa mfundo. Kokani chingwe cha mzere, lembani timigula takuya masentimita 5, totalikirana masentimita 15 mpaka 20. Gonekani zidutswa motsatizana, kwirirani magawo awiri mwa atatu, nsonga ya masamba itsale kunja, pondani ndi phazi. Chidutswa chokwiriridwa chonse chimaola, chongogona pamwamba chimauma. Ngati bwalo lapendekeka, timigula tidutse mopingasa, osati motsata kutsetsereka. Dzalani madzulo kapena tsiku la mitambo, ndipo muzithirira mzere uliwonse mukangomaliza, osadikira kuti bwalo lonse lithe.

Kapinga wamba pa mpata umenewu amatseka pa masabata 6 mpaka 10 nthawi ya dzinja. Buffalo muyembekezere miyezi itatu kapena inayi.

Mlangizi Wopuma: Mwalongosola bwino ana anga, koma nkhani yaikulu pa bwalo limeneli ndi dothi ndi dawe, ndipo nthawi yake ndi ino mvula isanagwe.

Yambani ndi kuthirira bwalo lonse kwa masabata awiri kuti zonse zomwe zili m'dothi zimere. Zikabiriwira, muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kupopera mankhwala opha udzu a glyphosate, monga Roundup, motsata muyezo wolembedwa pa botolo. Amagwira pa masamba obiriwira amene akukula, pa udzu wouma n'kungotaya mankhwala. Poperani m'mawa kopanda mphepo, pasagwe mvula kwa maola 6, valani magolovesi ndi chotchinga kukamwa, ana ndi ziweto zisayandikire mpaka pauma. Dikirani masiku 10 mpaka 14 musanagaule, kuti mankhwala atsike ku mizu. Samalani mphukira za mango ndi maluwa. Yachiwiri ndi khasu ndi manja: gaulani, tolani timbatata ta dawe, siyani zigulumwa padzuwa la Okutobala ziume, poti timbatata tikauma kwambiri timafa. Bwerezani kawiri. Dawe satha ulendo umodzi pa njira zonse ziwiri, chifukwa timbatata tina timagona osamera.

Kugaula kufike masentimita 20. Katondo wogangatala afuna piki, osati khasu lokha. Chotsani simenti, njerwa, mapulasitiki ndi mizu yakufa. Pansi pa mango musadule mizu ikuluikulu, gaulani mosazama. Thirani manyowa owolerana bwino okhuthala masentimita awiri pa bwalo lonse. Pa masikweya mita 120 ndi mawilibala pafupifupi 40. Sakanizani ndi dothi la pamwamba masentimita 10 mpaka 15. Manyowa a m'khola osawola amabweretsa bonongwe ndi chisoso, amaitana chiswe, ndipo a nkhuku aawisi amatentha mizu.

Posalaza, bwalo lipendekere kutali ndi nyumba, masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi asamaime pa maziko. Khomani zikhomo, mangani chingwe, kokani thabwa lalitali. Thirirani, dikirani masiku angapo dothi likhazikike, pomwe paloba muonjezere. Dothi litsike masentimita awiri kapena atatu kuchokera pa khonde ndi panjira, chifukwa kapinga amakwera pakapita zaka.

Malume a ku Mzuzu: Ena amathira dothi la pachulu kapena la kudambo pamwamba. Maganizo anu, bambo?

Mlangizi Wopuma: La pachulu pa katondo ayi. N'lomata, likauma limachita chikhakha cholimba, madzi amangoyenderera pamwamba. Limathandiza pa mchenga, losakaniza bwino. La kudambo ndi lakuda, lokopa maso, koma ndi kumene kumachokera dawe. Pa katondo manyowa ndiwo amamasula. Mchenga wa kumtsinje usungireni posalaza pamwamba kapinga atakula, sentimita imodzi pa ulendo, masamba azionekabe.

Kwanuko ku Mzuzu, ndi madera a mvula yambiri ngati Thyolo ndi Mulanje, dothi limakonda kukhala la asidi, ndipo laimu wa m'munda amathandiza. Koma musathire mongoganiza. Kayezetseni dothi ku malo a kafukufuku wa zaulimi monga Lunyangwa, Chitedze kapena Bvumbwe, kapena ku bungwe la kafukufuku wa ulimi wa fodya la ARET.

Bambo a Yamikani: Feteleza. Podzala chofunika kwambiri ndi fosifolasi wa mizu, ndipo ameneyu sayenda m'dothi, ndiye alowe musanadzale. D Compound magalamu 50 pa sikweya mita, pa bwalo lonse makilogalamu 6, mumusakanize ndi reki m'masentimita 5 a pamwamba. Ngati mulibe, NPK wa chimanga uja 23:10:5 agwira, magalamu 30 pa sikweya mita, onse pamodzi makilogalamu atatu ndi theka.

Wobereka adikire masabata 4 mpaka 6, kapinga atayamba kuyanga. CAN magalamu 20 pa sikweya mita, kapena urea magalamu 10, poti urea ali ndi nayitirojeni 46 pa 100 aliwonse. Mwazani masamba ali ouma, n'kuthirira nthawi yomweyo kuti asungunuke. Urea wogwera pa masamba onyowa kenako dzuwa n'kuwomba amasiya mawanga opserera. Yezani pa sikelo wa bwalo lonse, gawani pawiri, mwazani mopingasana ngati mbewu ija. Kumbali ya mthunzi thirani theka la muyezo, chifukwa nayitirojeni wambiri pamthunzi amakulitsa masamba ofooka ogwidwa ndi matenda. Kubereka kawiri kapena katatu m'dzinja n'kokwanira. Mu Juni kapinga wamba akagona musamuthire feteleza, mungodyetsa udzu wina.

Make Tadala: Zikomo kwambiri. Tsiku lodzala likhale liti? Mvula yoyamba ikangogwa?

Wakapinga: Osati yoyamba. Ya kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala imanyenga, imagwa tsiku limodzi kenako dzuwa la masabata awiri. Dikirani mvula yodzalira chimanga, dothi litanyowa kuya kwa khasu, kawirikawiri mu Disembala. Mpaka pakati pa Januwale mukhoza kudzalabe. Kupitirira Febuluwale, kapinga amakumana ndi kuzizira asanatseke, ndipo mipata yotsalayo amailanda ndi dawe.

Nachisale: Ine ndimasiyana nawo pang'ono. Amene ali ndi chitsime kapena mjigo adzale mu Sepitembala kapena Okutobala. Kutentha kumathamangitsa kapinga, udzu wa dzinja sunamere, ndipo mvula yamphamvu ikamafika mizu yagwira kale, palibe chokokoloka.

Wakapinga: Wa chitsime inde, achemwali. Wa pa mita awerengere kaye. Kapinga wokhazikika amafuna malita pafupifupi 25 pa sikweya mita pa sabata nyengo yotentha. Pa 120 ndi malita 3,000, kapena ndowa 150 za malita 20, sabata iliyonse. Pa mwezi ndi malita opitirira 12,000. Wongodzala kumene amafuna kuposa apo. Mayiwa athirire masabata awiri omeretsa dawe aja basi, zotsalazo asiyire mvula.

Za kathiriridwe akadzakula: kawiri pa sabata mokwanira, m'mamawa, kuposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Kuwaza kumasunga mizu pamwamba, ndiye tsiku lomwe mpopi wauma kapinga naye wafota. Amene ali ndi sipulinkala aike zitini zitatu zowongoka pa bwalo, aone nthawi imene zimatenga kuti mulowe madzi a sentimita imodzi ndi pang'ono. Imeneyo ndiyo nthawi yothirira ulendo umodzi. Madzi osambira ndi otsukuluzira zovala amagwira ntchito pa kapinga wokhwima, bola muzisinthasintha malo ndipo musakhale jiki.

Wa ku Salima: Ndilowerere ndi funso langa. Kuno ndi mchenga, kutentha kwambiri, madzi a pamjigo ali ndi kamchere. Zomwezi zigwira?

Nachisale: Kikuyu ndi za m'paketi za fescue zija muiwale. Kapinga wamba padzuwa, buffalo pamthunzi wochepa, onse awiri amapirira kamchere. Manyowa wirikizani kawiri, masentimita 4 kapena 5, poti mchenga susunga madzi. Feteleza wobereka muzithira theka la muyezo koma pafupipafupi, chifukwa amatsika msanga ndi madzi. Pothirira ndi madzi a mcherewo, nthawi zina thirani ambiri kuti mchere utsike kupitirira mizu. N'chimodzimodzi ku Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje, kungoti ku Chigwa cha Shire malo ena ndi makande, amene amang'aluka m'chilimwe n'kusunga madzi m'dzinja, ndiye kumeneko kupendeketsa bwalo n'kofunika kwambiri.

Mlangizi Wopuma: Tisaiwale zowononga, poti zimabwera kapinga ali wanthete. Ntchemberezandonda zimatha kumeta bwalo lonse m'masiku ochepa pakati pa dzinja. Mukaona malo akufiira mwadzidzidzi, kapena mbalame zachuluka pansi, sungunulani masupuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale m'malita 5, thirani pa sikweya mita imodzi madzulo, dikirani mphindi 10. Mbozi zikakhalapo zimatulukira pamwamba. Mbozi zoyera za m'dothi sizituluka ndi sopo, chizindikiro chake n'chakuti kapinga amazuka mosavuta, mizu itadyedwa. Nkhululu zimasiya timilu ta dothi ndi una, usiku zimadula masamba n'kukokera pansi. Chiswe chimakonda kapinga wouma ndi zinyalala, ndiye muzichotsa udzu wotchetcha ukachuluka ndi masamba a mango ogwa. Masamba amenewa akakhala sabata pa LM amamuphimba n'kumuoletsa. Mankhwala gulani kwa ogulitsa ovomerezeka mutadziwa chimene mukupha.

Mankhwala opha udzu wa masamba otambalala, monga 2,4-D, asagwe pa kapinga wongodzala mpaka atatchetchedwa katatu kapena kanayi, ndipo buffalo ndi LM amatha kupsa nawo. Miyezi iwiri yoyamba ndi kuzula ndi manja, sabata iliyonse, dothi lili lonyowa. Dawe muzimuzula asanafike masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, asanayambe kupanga timbatata tatsopano.

Make Tadala: Ndiye ndatsimikiza: wamba wa m'matumba kumbali ya dzuwa, LM wa tizidutswa ta dothi ku mango, kudzala mu Disembala. Kutchetcha koyamba ndi liti? Wotchetcha wathu amagwiritsa chikwakwa.

Wakapinga: Chikwakwa chisayandikire mpaka mizu itagwira zolimba, chifukwa chimazula zidutswa. Kokani chidutswa chimodzi, chikakana ndiye nthawi yakwana, kawirikawiri pa masabata 4 kapena 5, wamba atafika masentimita 6 kapena 7. Ulendo woyamba ndi bwino sizasi yaikulu ya maluwa kapena makina a mpeni wakuthwa oikidwa pamwamba. Musadikire kuti atseke kaye, kudula nsonga n'kumene kumamukakamiza kuyanga cham'mbali.

Musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake pa ulendo umodzi. Wamba azikhala masentimita 3 mpaka 4, LM 5 mpaka 7. Wotchetchayo mumuuze mobwereza kuti mbali ziwirizi si zofanana, ndipo muonetseni ndi zala: wamba zala ziwiri, LM zala zinayi. Chikwakwa chizinoledwa, chobuntha chimang'amba masamba n'kusiya nsonga zoyera.

Bambo a Yamikani: Ana asewere kwina mpaka wamba atatseka, mangani chingwe kuzungulira. Ndipo onani pomwe anthu amadutsa kuchokera pageti kupita pakhomo. Ngati njirayo ikudula bwalo, ikanimo masilabu kapena miyala yaphwatalala musanadzale, yotalikirana masentimita 60 kuchokera pakati pa uwu kufika pakati pa winawo, yolowa pansi kuti ifanane ndi dothi, makina azidutsa pamwamba osagunda mpeni.